Mahatchi okoka tingolo ku Ontario: ntchito yake ndi kumene ndalama zimachokera

Abale kumudziko, mukamva kuti uje ali ku Canada ndipo akugwira ntchito ya mahatchi a mpikisano, musafulumire kuganiza za aja okwera pamsana amene mumawaona pa TV. Kuno ku Ontario mpikisano wofala ndi wina. Hatchi imakoka kangolo ka mateyala awiri, woyendetsa atakhala kumbuyo, miyendo ili tambalale mbali iyi ndi iyo, mchira wa hatchi ukungotsala pang'ono kumukwapula kumaso. Musayerekeze ndi ngolo ya ng'ombe. Aka n'kopepuka moti munthu mmodzi amakanyamula n'kukakoleka pakhoma, ndipo eni ake amangokatchula kuti bike, ngati njinga.

Mtundu wa hatchizi ndi Standardbred. Dzinali linabwera chifukwa cha muyeso umene unakhazikitsidwa ku America mu 1879, woti hatchi ilembedwe m'kaundula ikatha mtunda wa mailo imodzi pa mphindi 2 ndi masekondi 30. Lero hatchi ya liwiro limenelo singapezere mwini wake ngakhale ya udzu. Mu July 2022, Bulldog Hanover, yophunzitsidwa ndi Jack Darling wa konkuno, inathamanga mailo pa 1:45.4 pa bwalo la Meadowlands ku New Jersey, liwiro loyandikira makilomita 55 pa ola. Ka 4 kakumapetoko sikachigawo cha khumi ayi. M'masewerawa sekondi amaigawa pasanu, ndiye imeneyo ndi mphindi imodzi, masekondi 45 ndi magawo anayi mwa asanu.

Chovuta pa mpikisanowu n'chakuti hatchi siloledwa kuthamanga mwachibadwa chake, kuja kodumpha. Pali mayendedwe awiri okha. Trotter imaponya mwendo wakutsogolo wakumanja pamodzi ndi wakumbuyo wakumanzere, mopingasa. Pacer imaponya miyendo iwiri ya mbali imodzi nthawi imodzi, thupi likupendamira uku ndi uku, ndipo ambiri mwa mahatchi a kuno ndi otere. Ma pacer amawaveka malamba apulasitiki otchedwa hopples, olumikiza mwendo wakutsogolo ndi wakumbuyo. Utali wa malambawa umayesedwa ndi tepi n'kulembedwa, chifukwa kusiyana kwa bowo limodzi ndi nkhani. Akathina, hatchi imafupikitsa phazi ndipo imatopa msanga. Akakhwepa, imasokoneza mayendedwe n'kuyamba kudumpha. Ikatero lamulo likuti woyendetsa aipatutsire kunja, aibweze, anzake adutse, mpaka ibwerere m'mayendedwe ake. Apo ndiye kuti za tsikulo zapita. Hatchi yozolowera kudumpha amaichotsa pa ndandanda mpaka itakhoza mpikisano woyesera wopanda mphoto, umene amati qualifier.

Tsopano ku nkhani ya ndalama, pakuti ndi pamene pagona zonse. Munthu akalowa pa bwalo la Woodbine Mohawk Park ku Campbellville usiku wa Loweruka, n'kuona magetsi ali ngwee, mphoto ya mpikisano wa North America Cup ili madola 1 miliyoni, amati apa pali chuma. Chilipodi, koma gawo lalikulu la ndalama za mphoto m'chigawo chino silichokera kwa anthu obwera kudzaonera mahatchi.

Kubetcha kwa pamahatchi kumayenda chonchi: obetcha onse amaponya m'thumba limodzi, bwalo limatapapo gawo lake, zotsalazo opambana amagawana. Kalekale zotapazo zinkakwanira, chifukwa njira yobetchera mwalamulo inali pafupifupi yokhayi. Kutabwera malotale ndi makasino, anthu anachepa m'mabwalo. Ndiye mu 1998 boma la Ontario linapangana ndi eni mabwalo kuti liikemo makina a njuga aja oponya ndalama n'kudina. Pa phindu la makinawo, 10 peresenti inkapita kwa mwini bwalo, 10 ina ku mphoto za mahatchi. Pofika kumapeto kwa dongosololi, zonse pamodzi zinkakwana madola pafupifupi 345 miliyoni pachaka, m'mabwalo 17. Anthu anamanga makola atsopano, anagula mahatchi aakazi oswetsa, alimi a udzu ndi osula nsapato za mahatchi onse ankadya nawo. Chonsecho ambiri mwa odina makinawo sankasuzumira n'komwe pawindo kuti aone hatchi.

Mu March 2012 boma la Dalton McGuinty, litapanikizika ndi ngongole, linalengeza kuti dongosololi litha pa 31 March 2013. Ku Windsor, Sarnia ndi Fort Erie makina anazulidwa chaka chomwecho cha 2012, ndipo Windsor Raceway inatsekeratu. Amene madzi anawafika m'khosi poyamba ndi oswetsa, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Hatchi imakhala ndi bere miyezi 11. Mwana wake amagulitsidwa pa okushoni ali ndi chaka chimodzi ndi theka, n'kudzayamba mpikisano ali ndi zaka ziwiri. Kuchokera pokweretsa kufika pa mpikisano woyamba ndi zaka zitatu. Munthu amene anali atalipira kale yamphongo, ana ali m'khola, anauzidwa kuti kwatsala chaka chimodzi. Ogula anachita mantha, mitengo inagwa, ambiri anasiya kukweretsa, ena anasamutsira mahatchi awo ku America. Bala limenelo linadzaonekera patapita zaka, pamene mabwalo anayamba kusowa mahatchi odzaza mipikisano.

Boma la Kathleen Wynne linabwezeretsa thandizo kuyambira 2014, pafupifupi madola 100 miliyoni pachaka, ndipo mu 2019 kunayamba pangano la zaka 19 lopereka mpaka madola 105 miliyoni pachaka kudzera ku OLG, bungwe la boma loyendetsa malotale ndi njuga. Limeneli ndi la mitundu yonse ya mipikisano ya mahatchi, osati ya tingolo yokha. Muone nokha: kuchoka pa 345 kufika pa 105, kwinaku udzu, dizilo ndi madokotala a ziweto zikungokwera. Pamene panganoli linkayamba, mabwalo a tingolo anali 12. Mohawk ndiye tambala, pakuti kuyambira 2018 mipikisano yonse ya tingolo imene inkachitikira ku Woodbine mu Toronto inasamukira kumeneko. Pakati pali Western Fair ku London ya kuno, Flamboro Downs, Georgian Downs ndi Grand River ku Elora. Kenako tating'ono ta m'matauni a alimi monga Clinton, Hanover, Dresden ndi Leamington, totsegula m'miyezi yotentha yokha, kumene mabanja amabwera ndi ana n'kutsamira pampanda. Tinene mosabisa: timabwalo timeneti sitingaime patokha tsiku limodzi popanda ndalama ya pangano ija. Ndipo kuyambira April 2022, pamene Ontario inatsegulira makampani obetchera mpira pa foni, mnyamata wofuna kubetcha alibenso chifukwa chophunzirira kuwerenga pulogalamu ya mahatchi. Mukayang'ana okhala pamipando usiku wa pakati pa sabata, imvi ndi zimene zachuluka.

Masamu a mwini hatchi ndi awa. Mphoto imagawidwa kwa asanu oyamba: 50, 25, 12, 8 ndi 5 peresenti. Tiyerekeze mpikisano wa madola 5,000 pa bwalo laling'ono. Woyamba atenga 2,500, wachiwiri 1,250, wachitatu 600, wachinayi 400, wachisanu 250, wachisanu ndi chimodzi abwerera chimanjamanja atawotcha mafuta. Pa zimene hatchi yapeza, woyendetsa amadulapo 5 peresenti, wophunzitsa 5. Kusunga hatchi imodzi kwa wophunzitsa kumapitirira madola 2,000 pamwezi mosavuta. Ndiye hatchi yomangothera pachinayi sabata ndi sabata ikudya mwini wake. N'chifukwa chake m'mabwalo aang'ono mumapeza munthu mmodzi ali mwini, wophunzitsa ndiponso wokolopa m'khola, masana ali ku ntchito ina. Palinso mipikisano yotchedwa claiming, imene hatchi iliyonse imalowa ili ndi mtengo wolembedwa. Aliyense wa laisensi akaponya ndalamayo mpikisano usanayambe, hatchiyo ndi yake ukatha. Wosamalira amatha kupita nayo pabwalo madzulo n'kubwerako ndi chingwe chokha.

Ntchito imene mlendo angaipeze m'makola a mahatchiwa ndi ya wosamalira, amene amati groom, ndipo ndi yokhetsa thukuta. Kusanache kwenikweni mahatchi adye. Hatchi ya makilogalamu 450 imatha udzu wouma makilogalamu 7 mpaka 9 patsiku, chakudya chambewu chogawidwa katatu, ndi madzi malita 30 kapena 40. Chinthu choyamba si tsache ayi, koma kusuzumira m'chodyera. Hatchi ikasiya chakudya cha usiku, china chalakwika. Uipime kutentha: madigiri 37.5 mpaka 38.5 zili bwino, kupyola apo isatuluke. Kenako manja atsike m'miyendo yonse inayi, kuyambira pabondo mpaka pachiboda, kufunafuna potentha kapena potupa, chifukwa mtsempha wongoyamba kuvulala sutsimphinitsa tsiku loyamba. Ukatha apo uchotse ndowe ndi utuchi wonyowa, utsuke ndowa, umange hatchi pa ngolo yolemererako yophunzitsira. Masiku wamba imayenda pang'onopang'ono mailosi atatu mpaka asanu. Kuithamangitsa zenizeni ndi kamodzi pakati pa sabata, mpikisano kamodzinso pa sabata. Ikabwerako uisambitse, uifunditse, uiyendetse mpaka mpweya utakhazikika, kenako mankhwala opaka ndi mabandeji. Bandeji yokulunga mothinitsa mbali imodzi imawononga mtsempha umene umafuna kuuteteza, ndipo cholakwa chimenecho ophunzitsa sakhululuka.

Matenda ofala ndi odziwika. Kupotokola m'mimba kumabwera hatchi ikasinthidwa chakudya mwadzidzidzi kapena ikamwa madzi ochepa, makamaka m'nyengo yozizira madzi akaundana m'ndowa. Imapalasa pansi, kuyang'ana m'nthiti mwake, kufuna kugubuduka, ndipo pamenepo foni ipite kwa dokotala, osati kudikira kuti tione mawa. Kuuma kwa minofu ya m'chiuno kumagwira hatchi imene yapuma tsiku koma yapatsidwa chakudya chambewu chonse, ndiye tsiku lopuma muyeso utsike. Zina zimatuluka magazi m'mapapo zikathamanga kwambiri, ndipo zoterezo zimalembetsedwa kuti zizibayidwa mankhwala otchedwa Lasix kutatsala maola anayi kuti mpikisano uyambe. Za mankhwala kuno sachita nazo masewera. Wopambana amapita kukatengedwa mkodzo kapena magazi, ndipo mlandu umagwera wophunzitsa ngakhale cholakwa chili cha wantchito amene anasokoneza ndowa za chakudya kapena kugwira pakamwa pa hatchi ndi manja a mankhwala ake.

Nsapato zachitsulo zimasinthidwa pakatha masabata atatu kapena anayi. Osula nsapato ndiwo madokotala enieni a mayendedwe: hatchi yomadzimenya bondo ndi chiboda chinzake amaikonza posintha kulemera kwa nsapato kapena kapendekedwe ka chiboda pang'ono chabe, kwinaku itavala zotchinga mawondo. Ina imaopa mthunzi wake n'kumaudumpha, ndiye amaiika chiguduli chaubweya pamphuno kuti isaone pansi. Ina amaitseka makutu, woyendetsa n'kudzazula zotsekerazo ndi chingwe pokhota komaliza kuti phokoso liidzidzimutse.

Mpikisano suima chifukwa cha chisanu. Mu January, kuzizira kutatsika pansi pa ziro, Mohawk ndi Western Fair zimathamangitsa usiku. Nsapato amaziika timano kuti zisaterereke, ndipo chipale chimaundana m'kati mwa chiboda n'kukhala ngati mwala woti ugogodedwe hatchi isanalowe. Wosamalira amene ananyamuka masana ndi ngolo yonyamulira mahatchi amabwerera pakhola pakati pa usiku, m'mawa mwake mahatchi omwewo akufuna chakudya pa nthawi yake. Sadziwa Khirisimasi. Moto ndiye mdani wina wa nyengo imeneyi, pamene makola ali otseka, modzaza udzu wouma, zotenthetsera zili pamagetsi. Mu January 2016 khola lina pa malo ophunzitsira mahatchi a Classy Lane ku Puslinch linapsa usiku ndipo munafera mahatchi 43. Wosuta fodya m'khola amachotsedwa ntchito pomwepo.

Ophunzitsa amadandauladi kuti antchito akusowa, pakuti ana a kuno safuna maola oterewa. Koma zimenezo zisakupatseni chiyembekezo chopyola muyeso. Pamafunika chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno, pamwamba pake laisensi ya AGCO, bungwe loyang'anira mipikisano, yoti ulowe nayo kumene mahatchi amamangidwira. Makola ambiri ndi a mabanja, a mahatchi khumi kapena makumi awiri, alibe mphamvu yoitanitsa munthu kuchokera kutali amene sanagwirepo chingwe cha hatchi. Lamulo la kuno limaletsa kulipiritsa wantchito ndalama yomupezera ntchito, choncho wa pa WhatsApp amene akuti tumizani kaye ndalama, malo a groom alipo, ameneyo akufuna kukudyerani masuku pamutu.

Mahatchi onse kuno amawonjezera chaka pa 1 January, kaya anabadwa mwezi uti, ndipo ikakwana zaka 15 hatchi siloledwanso pa mpikisano wamba. Ambiri safika n'komwe pamenepo. Aakazi abwino amapita kukaswana, ena amatengedwa ndi bungwe la Ontario Standardbred Adoption Society kuti awaphunzitse kukwereka n'kuwapezera mabanja, ena tsoka lawo amathera kumsika wa ziweto kumene ogula nyama amafikanso. Gulu lalikulu limagulidwa ndi Akhristu a mipingo ya Mennonite ndi Amish amene sayendetsa galimoto, chifukwa ndi hatchi yozolowera kale kukoka ndiponso yosaopa phokoso. Cha ku Elmira ndi St. Jacobs, Lamlungu m'mawa, ngolo zakuda zimandandalika m'mbali mwa msewu kupita ku tchalitchi. Mukayandikira pamene azimangirira, kwezani maso pakhosi la hatchi mbali yakumanja, pansi pa chenjerere. Pa zachikulire mupeza zilembo ndi manambala oyera odindidwa ndi chitsulo chozizira, ndipo mukawalemba pa tsamba la Standardbred Canada limakuuzani dzina lake lenileni la hatchiyo.