Chithandizo cha fisitula ku Bwaila: zimene ndinaona posamalira akulu anga

Mayi wa kuno ku Dedza amene wayamba kudontha mkodzo pambuyo pa opaleshoni yochotsa chiberekero, ndingamulozere mosakayika ku chipatala cha fisitula (bowo limene limachititsa kuti mkodzo uzidontha wokha kunjira ya amayi) chimene chili mkati mwa Bwaila ku Lilongwe. Chimayendetsedwa ndi bungwe la Freedom From Fistula Foundation, limene mayi Ann Gloag a ku Scotland analiyambitsa m'chaka cha 2008, ndipo chithandizo chake n'chaulere. Ndinakhalako monga gadiyani wa akulu anga, amene anachotsedwa chiberekero pa chipatala china chifukwa cha zotupa zimene zinkawatayitsa magazi ambiri.

Vuto lawo silinaonekere pompo. Linatulukira ali kale kunyumba, pamene anayamba kudzuka zofunda zili noninoni, mkodzo ukutuluka wokha usana ndi usiku. Ambiri timadziwa fisitula monga matenda a mayi amene wavutika nthawi yaitali pobereka, koma chikhodzodzo chinayandikana kwambiri ndi chiberekero, moti chikhoza kuvulala pa opaleshoni, ndipo povulalapo pamadzabooka patapita sabata imodzi kapena ziwiri. M'chisanu cha Juni zitenje zochapa sizinkauma, khungu la m'ntchafu linasupuka, ndipo anasiya kupita kutchalitchi poopa fungo.

Chimene ndimayamikira koposa n'chakuti madokotala sanathamangire mpeni, koma anayamba afufuza kumene mkodzowo unkachokera. Anathira madzi abuluu m'chikhodzodzo kudzera m'kapaipi, natifotokozera kuti madziwo akatulukira kunjira ya amayi ndiye kuti bowo lili pa chikhodzodzo, koma kukamatulukabe mkodzo wopanda mtunduwo ndiye kuti chavulala ndi kanjira kotengera mkodzo kuchokera ku impso, ndipo zimenezo zimafuna opaleshoni yamtundu wina. Kwa akulu anga nsalu yopimira inatuluka yabuluu. Aka kanali koyamba kuti munthu awauze momveka, m'Chichewa, chimene chinawonongeka m'thupi mwawo, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka ngakhale anali asanasokedwe.

Opaleshoni inachitika atawabaya jakisoni wapamsana, ndipo kapaipi kotulutsa mkodzo kanakhalamo pafupifupi masiku 14 kuti chikhodzodzo chisadzaze bala lisanapole. Apa m'pamene ndinaona luso la anamwino. Anandiphunzitsa kuti thumba la mkodzo lizikhala m'munsi mwa chiuno nthawi zonse, kapaipi kasapindike, ndiponso kuti mkodzo ukasiya kutsika ndiwaitane nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, chifukwa chikhodzodzo chikafufuma ulusi ukhoza kumasuka. Ankayang'ananso mtundu wa mkodzo m'thumbamo, ndipo ukakhala woderapo ankawaonjezera madzi akumwa. Akulu anga anali atazolowera kudzimana madzi poganiza kuti kudonthako kuchepa, pamene kutero kumangokulitsa fungo ndi kupereka mpata kwa tizilombo toyambitsa matenda a m'chikhodzodzo. Kugona m'chipinda chimodzi ndi amayi ena a vuto lomwelo kunawathandizanso kwambiri, chifukwa kumeneko palibe amene ankaphimba mphuno.

Chovuta chenicheni ndi mtunda. Kuchokera pa Boma la Dedza kukafika ku Lilongwe pali makilomita oposa 80 pa msewu wa M1, ndipo kukhala m'minibasi yodzaza uku ukudontha si chinthu chapafupi, choncho n'kofunika kutenga pulasitiki ndi zitenje zingapo zosinthira. Malangizo a potuluka nawonso ndi olemera kwa mayi wakumudzi: miyezi itatu osakhala malo amodzi ndi mwamuna, osasenza ndowa ya madzi, nkhuni kapena thumba la mbatatesi. Ndinaona kuti kunali kwanzeru kuti alamu anga amve okha mawuwa kuchokera kwa anamwino, osati kwa ine.

Akulu anga tsopano amagona pouma, ngakhale poyamba kamkodzo kankathawa akatsokomola, mpaka pamene masewera omanga minofu ya m'chiuno amene anaphunzitsidwa anayamba kuthandiza. Anatichenjeza kuti kutentha thupi, kuwawa kwa m'mbali mwa msana kapena kuotcha pokodza si zodikira tsiku lobwerera kukapimidwa. Amene akupita kumeneko asaiwale buku lake lakuchipatala, chifukwa madokotala amafuna kuona tsiku ndi mtundu wa opaleshoni yoyamba ija.