Ndemanga yanga pa Ford F-250 ya bodi ya aluminiyamu, patadutsa zaka zisanu ndikuyenda pamchere wa ku Indiana

Galimotoyi ndinaigula mu 2019 kwa munthu amene anali atayendapo kale zaka ziwiri. Ndi Ford F-250 ya 2017, ya injini ya petulo ya 6.2 V8, yokoka ndi matayala onse anayi. Ntchito yanga kuno ku South Bend ndi yamanja. M'chilimwe ndimakoka ngolo ya makina otchetchera kapinga, ndipo chisanu chikafika ndimamangirira chikhasu kutsogolo n'kumakankha sinowo m'malo oimikamo magalimoto, nthawi zambiri kuyambira m'ma 3 koloko m'bandakucha. Abale angapo akumudzi amene tili nawo kuno akhala akundifunsa ngati bodi ya aluminiyamu ili yoikapo ndalama, ndiye ndati ndingolemba zonse pamodzi.

Chinandithawitsa ku chitsulo ndi pikapu yomwe ndinali nayo poyamba. Injini yake inali bwinobwino, koma dzimbiri linadya m'makona apansi a kabini ndi pamwamba pa matayala akumbuyo mpaka chala chinkalowa. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse mchere wa pamsewu. Mphepo ikaomba kuchokera ku Lake Michigan imatibweretsera sinowo wochuluka, ndipo magalimoto a boma amathira mchere wouma komanso madzi amchere m'misewu kuti pasaterere. Madzi amenewa amalowa paliponse pamene pali kampata, amakhala momwemo mpaka Malichi, ndipo amadya chitsulo mwakachetechete.

Ford inayamba kupanga bodi ya aluminiyamu pa F-150 ya 2015, ndipo zazikulu zake, zimene amazitcha Super Duty, zinatsatira mu 2017. Pa F-150 anati kulemera kunatsika ndi mapaundi ofika 700. Pa Super Duty anatsitsa ndi mapaundi ofika 350, pafupifupi makilogalamu 160, chifukwa kulemera kwina anakubwezera pa chasisi, ma akiselo ndi zina zapansi kuti zikhale zolimba. Kabini ndi bodi yakumbuyo ndi za aluminiyamu, zolumikizidwa ndi ma rivet komanso guluu wamphamvu, koma chasisi ndi chachitsulo. Mfundo imeneyi anthu ambiri amaiphonya, amamva zoti “aluminiyamu” n'kuganiza kuti galimoto yonse yapulumuka.

Pa bodi penipenipo ndilibe dandaulo. Ndapenda pansi pa zitseko, m'makona a kabini, pamwamba pa matayala, malo onse amene pikapu yanga yakale inafera, ndipo ndi oyera. Pali pena pamene mwala unasupula penti pafupi ndi tayala lakumbuyo zaka zitatu zapitazo. Pakanakhala pachitsulo, bwenzi pano pali bala lofiira lotambalala ngati chikhatho. Apa pangoderako pang'ono basi, chifukwa aluminiyamu akakumana ndi mpweya amadzipangira kachikutiro kopyapyala komwe kamamuteteza. Pa zimenezi ndine wokhutira kwambiri, ndipo ndi chimene ndinaperekera ndalama zanga.

Koma aluminiyamu ali ndi matenda akeake, ndipo ine ndinawaonera pafupi. Nditangogula galimotoyi ndinapita nayo pashopu ina yoika zowonjezera kuti andimangirire bokosi la zipangizo kuseri kwa kabini ndi zitsulo zonyamulira makwerero. Anaboola m'mphepete mwa bodi yakumbuyo, n'kumanga ndi mabawuti achitsulo wamba, osaikapo kanthu pakati, osapakanso penti m'mabowomo. Ine sindinkadziwa kuti ndifunse. Patatha zaka ziwiri, tsiku lina m'mwezi wa Epulo ndikutsuka, ndinaona penti itatukuka matuza kuzungulira bawuti imodzi. Nditakanda ndi chikhadabo, penti inasupuka ngati khungu la mbatata yophika, ndipo pansi pake panali ufa woyera, wonga phulusa. Ndinamasula mabawuti onse asanu ndi atatu. Asanu anali ndi ufa womwewo, ndipo bowo limodzi linali litakula moti washala anali atangotsala pang'ono kulowamo. Mtima unandiwawa kwambiri tsiku limenelo.

Amene anandifotokozera bwino ndi bambo ena achikulire a kutchalitchi kwathu, amene anagwirapo ntchito ya umakaniko ku Blantyre asanabwere kuno. Anagwira ufawo, kuufikisa ndi zala, n'kunena kuti, “Mwana wanga, izi si zachilendo. Ma Land Rover akale aja mumawakumbukira? Bodi ya aluminiyamu, mafelemu a zitseko achitsulo. Pansi pa zitseko pankatuluka ufa womwewu.” Anati zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana, pakati pake n'kufika madzi amchere, zimakhala ngati batire, ndipo chimene chimadyeka ndi aluminiyamu, chitsulo chija n'kutsala. Anandichenjezanso kuti ndisathamangire mabawuti a stainless poganiza kuti ndiwo mankhwala, chifukwa pamchere amenewonso amadyetsa aluminiyamu. Chofunika ndi kulekanitsa ziwirizo.

Tinapala malo onse ndi sandpaper watsopano, amene sanakhudzepo chitsulo, tinapaka primer ya aluminiyamu ndi penti, kenako tinamanga ndi mabawuti okutidwa ndi zinc, mawashala a pulasitiki pamwamba ndi pansi, ndi labala pansi pa bokosi lonse. Papita zaka zitatu ufawo sunabwerenso. Vutoli silinachokere ku fakitale, linabwera ndi anthu oboola aja. Ngati mukufuna kuika bokosi, zitsulo za makwerero, masitepe, ma mudflap kapena chilichonse choboola bodi, funsani kaye kuti amanga ndi chiyani. Akakuyankhani kuti “mabawuti ndi mabawuti,” tengani makiyi anu muzipita.

Pansi pa galimoto m'pamene pafunika maso chaka ndi chaka. Chasisi, ma akiselo, masipuling'i, chokokera ngolo, mapaipi a ekizozi, zonsezo ndi chitsulo, ndipo mchere sudziwa kuti pamwamba pake pakhala aluminiyamu. Choopsa n'chakuti kale bodi ikayamba kuchita dzimbiri inkakuuza kuti pansinso zinthu sizili bwino. Tsopano bodi imawala ngati yatsopano, munthu n'kumayenda mtima uli m'malo, pamene pansi pakufiira. Ine Okutobala aliyense ndimapopera Fluid Film pansi ponse ndi m'kati mwa chasisi. Ndi mafuta opangidwa kuchokera ku ubweya wa nkhosa, amanunkha masiku angapo ndipo fumbi limakakamira, koma amagwira ntchito. Nyengo ya sinowo ndimatsukitsa pansi pafupifupi mlungu uliwonse kukangofundako pang'ono. Chasisi changa chili ndi dzimbiri lapamwamba m'malo ena, makamaka pamene chikhasu chimamangiriridwa, koma palibe pofumbutuka.

Za kulimba kwa bodi yakumbuyo, ambiri amakumbukira kanema wotsatsa malonda wa Chevrolet wa mu 2016, pamene anakhuthulira njerwa zasimenti m'ma pikapu awiri n'kuonetsa kuti ya aluminiyamu yabooka. Imeneyo inali F-150, ndipo inalibe chotchinga pansi. Pa Super Duty aluminiyamu wa pansipo ndi wochindikala kuposa wa F-150. Yanga ndinaipopera chotchinga chakuda choteteza m'kati mwa bodi yakumbuyo, ndipo yanyamula matumba a mchere, miyala yokongoletsera mabwalo, zitsa zamitengo ndi makina. Yapindika malo awiri kapena atatu, kubooka ayi. Komabe sindiponyamo chinthu chosongoka kuchokera m'mwamba, ndipo anyamata amene amandithandiza ndinawauziratu.

Chimene chinandipweteka m'thumba ndi m'nthawi ndi kukonzetsa. Munthu wina pobwerera m'mbuyo pamalo oimika magalimoto anagunda chitseko changa chakumbuyo. Pachitsulo, wokhoma magalimoto aliyense akanawongola. Galaja yoyamba imene ndinapitako anangoyang'ana n'kupukusa mutu kuti aluminiyamu sagwira. Yachiwiri anavomera, koma anati ndidikire milungu itatu. Chifukwa chake ndi chomveka. Aluminiyamu akapindika amauma, ukamukakamiza kubwerera amang'aluka, ndipo ntchito yake imafuna zipangizo zakezake ndi malo otchingidwa, chifukwa fumbi lachitsulo likagwera pa aluminiyamu wopalidwa, penti imadzatukuka pambuyo pake. Mapeto ake sanawongole n'komwe, anasintha chitseko chonse. Inshuwalansi ya wondigundayo inalipira, koma masiku amene galimoto inakhala kugalaja ndinachita kubwereka ina kuti makasitomala asandithawe. Musanagule, fufuzani ngati m'dera lanu muli galaja yodziwa aluminiyamu. M'matauni aakulu zilipo, koma kumidzi yakutali mungayende mtunda.

Kanthu kena kakang'ono koma kokhudza ife amabizinesi: maginito sagwira pa aluminiyamu. Zikwangwani zanga za maginito zolembedwa dzina la bizinesi, zomwe ndinkamata pazitseko za pikapu yakale, zinangogwa pansi. Ndinachita kulembetsa zomata.

Injini ya 6.2 ndi giyabokosi yake ya magiya 6 sizinandisiyepo pamsewu. Imadzuka ngakhale kuzizire bwanji, ndipo kwa munthu wokankha sinowo chimenecho ndicho chachikulu. Imamwa, zimenezo ndisabise. Ndikakhala wopanda ngolo ndimapeza mamailosi 12 kapena 13 pa galoni, ndipo ndikamakankha sinowo sindiwerengera n'komwe. Ya dizilo ya 6.7 Power Stroke imakoka kwambiri kuposa yanga, ndipo anzathu onyamula ma RV, ngolo zokhala ngati nyumba zoyenda nazo, kuchokera ku Elkhart kupita nawo m'madera akutali ambiri amasankha dizilo. Ine ndinaipewa chifukwa maulendo anga ndi aafupiafupi, oima n'kunyamuka, ndipo injini za dizilo zamakono sizikondwa ndi moyo wotero. Mudzamvanso nkhani ya pampu ya mafuta ya CP4 pa dizilo, yomwe ikaphwanyika imamwaza tizitsulo m'njira yonse ya mafuta, komanso kugwedezeka kwa chiwongolero kumene amakutcha death wobble, komwe kumachitika pa magalimoto a akiselo yakutsogolo yathunthu ukagunda bampu uli pa liwiro. Ine zonse ziwirizi sizinandichitikire. Ma ball joint akutsogolo, mfundo zimene matayala amakhoterapo, ndinasinthapo kamodzi, ndipo sindinadabwe, chifukwa chikhasu chimalemera ndipo chimapachikika kutsogolo miyezi inayi pachaka.

Mlamu wanga anandifunsa ngati ndingadzaitumize kumudzi ikatopa. Ndinamuuza kuti ayi. Chiwongolero chili kumanzere, galimotoyo ndi yotambalala, petulo amamwa wambiri, ndipo ubwino waukulu wa aluminiyamu ndi wa dziko lothira mchere pamsewu. Kwathu mungamve kuwawa kwa kukonzetsa kokha, phindu lake osaliona.

Kwa amene muli kuno ku Indiana, Michigan, Ohio kapena kulikonse kothira mchere, ndipo mukufuna galimoto yogwirira ntchito zaka zambiri, ine ndingakuuzeni kuti gulani, ndipo yangayi ndimaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Yachisanu yatsala chifukwa cha kuvuta kwa kukonzetsa ndi ludzu la petulo. Mukapita kukaona yogwirapo kale ntchito, tengani tochi ndi katoni yogonera. Gogodani chasisi ndi sipanala, makamaka kumbuyo pafupi ndi chokokera ngolo. Yendetsani dzanja m'mphepete mwa bodi yakumbuyo kufufuza mabowo amene mwini wake woyamba anaboola, ndipo muone ngati penti yatukuka mozungulira. Ngati bodi yakumbuyo ili ndi chotchinga chapulasitiki chongoikamo, pemphani achinyamule muone pansi pake. Kenako muyendetse pamsewu waukulu, mudutse nayo pamabampu a pamlatho muli pa liwiro la mamailosi 60, manja onse awiri ali pachiwongolero, mumve mmene ikuchitira.