SimBrief ndi yabwino, koma pepala lake muziliwerenga

Munthu akangoyamba kuwulutsa ndege zikuluzikulu pa kompyuta, kaya pa Microsoft Flight Simulator kaya pa X-Plane, sachedwa kumva dzina loti SimBrief. Ndi pulogalamu ya pa intaneti yokonzera ulendo wa ndege. Mumaiuza komwe mukunyamukira, komwe mukupita ndi mtundu wa ndege, iyo n'kukutulutsirani pepala lofanana ndi limene oyendetsa ndege zenizeni amalandira asanakwere, lomwe amalitcha OFP. Kutsegula akaunti n'kwaulere, ndipo kuyambira mu 2021 pulogalamuyi ili m'manja mwa Navigraph, kampani ya ku Sweden yogulitsa mapu ndi deta ya njira za mumlengalenga. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa ulendo uliwonse wa ndege yonyamula anthu, ndipo pa ntchito imeneyi sindinaone ina yoiposa. Chimene chimandiwawa n'chakuti ongoyamba kumene ambiri amadina batani la Generate Flight, n'kukokera zonse mu ndege kudzera pa Pilot ID yawo, nambala ya akaunti yawo ya SimBrief, osawerenga ngakhale mzere umodzi. Pamenepo ndiye kuti ataya chinthu chenicheni chimene SimBrief ikanawapatsa.

Ulendo woyamba ukhale waufupi. Ine ndimakonda kuyambitsira anthu pa London Heathrow kupita ku Amsterdam Schiphol, mtunda wa mamailosi a panyanja pafupifupi 200, mumlengalenga simutha ola lathunthu. Pa ulendo wotere mumakumana ndi zonse: kunyamuka, kukwera, kukhazikika pang'ono, kutsika, kutera. Ulendo wowoloka Atlantic umakoma kuutchula, koma maola ambiri ndege imangodziyendera yokha, ndipo chimene chinasokonekera pokonza mumadzachiona usiku utapita. Mabwalowa muziwalemba ndi zilembo zinayi za ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse: EGLL ndi EHAM. Zilembo zitatu zija, LHR ndi AMS, n'za pa matikiti ndi pa zikwama. Kompyuta ya mu ndege ndi malipoti a nyengo zimayendera zilembo zinayi, choncho n'kwabwino kuzizolowera msanga.

Pa bokosi la mtundu wa ndege musathamangepo. Airbus A320 si imodzi. Pali yakale ndi ya injini zatsopano yotchedwa neo, ndipo kamwedwe ka mafuta n'kosiyana. Komanso amene anapanga ndege yanu ya pa kompyuta, kaya FlyByWire, Fenix kapena PMDG, anaipatsa kulemera kwakekwake ikakhala yopanda kanthu. SimBrief ili ndi mndandanda wa ndege zambiri zoterezi pansi pa mtundu uliwonse, ndiye sankhani yeniyeni imene muli nayo. Apa ndimaiyamikira kwambiri, chifukwa mukasankha bwino, mafuta amene mumatera nawo amayandikana ndithu ndi amene pepala linanena.

Kenako yang'anani muyezo: makilogalamu kapena mapaundi. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi pafupifupi 2.2, choncho ngati pepala lili m'makilogalamu, ndege ili m'mapaundi, inu n'kungokopera nambala, mwathira mafuta osafika theka. Si nkhani ya pa kompyuta pokha. Pa 23 July 1983, Boeing 767 ya Air Canada yochokera ku Montreal kupita ku Edmonton inafunika mafuta okwana makilogalamu 22,300, koma powerengetsa anasokoneza miyezo ndipo inanyamula pafupifupi mapaundi 22,300. Injini zonse ziwiri zinazima ili m'mwamba, oyendetsa n'kukaitsitsira pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli, ku Manitoba, popanda munthu kufa. Ndikamatsegula OFP, diso langa limayamba lafufuza zilembo zitatu zimenezi, KGS kapena LBS, ndisanaone china chilichonse.

Tsopano tifike pa bokosi la mafuta, lomwe kwa ine ndiye mtima wa pepala lonse. Likuoneka ngati mulu wa zidule, koma mzere uliwonse ukuyankha funso lomveka. TRIP ndi mafuta ochokera pamene matayala achoka pansi ku Heathrow mpaka kugunda pansi ku Schiphol. CONT ndi owonjezera pang'ono, nthawi zambiri 5 peresenti ya a ulendowo kapena a mphindi zingapo, oti akuthandizeni mphepo ikakula kuposa mmene ananenera kapena akakuzungulitsani. ALTN ndi okufikitsani ku bwalo lina ngati Schiphol yakanika, mwina chifukwa cha chifunga. Mukasiya pa AUTO, SimBrief imakusankhirani yokha bwalo limeneli, koma lioneni, mulidziwe dzina ndi mbali imene lili. FINRES ndi a mphindi 30 zozungulira m'mwamba pa mafiti 1,500 pamwamba pa bwalo, ndipo amenewa ndi osakhudza. Woyendetsa ndege yeniyeni akaona kuti atera ndi ochepera pamenepo, amalengeza kuti ali pangozi. TAXI ndi oyendera pansi musananyamuke. Zonsezi mukaziphatikiza zimapanga BLOCK, ndipo nambala imeneyi ndi imene mumathira m'matanki. Anthu ambiri amathira TRIP poganiza kuti ndi yonse, ena amangodzaza matanki mpaka pakamwa kuti asavutike. Odzazawo amadabwa ndege ikukwera movutikira, kenako n'kufika ku Amsterdam ikulemera kuposa mmene imaloledwa kutera.

Pafupi pomwepo pali ZFW, kulemera kwa ndege ndi anthu ndi katundu koma popanda mafuta. Nambala imeneyi ifanane m'malo atatu: pa pepala, pa tabuleti yokwezera katundu mu ndege, ndi mu kompyuta ya ndege. Zikasiyana, liwiro lonyamukira limene ndege ikuwerengereni likhala labodza.

Msinkhu woulukira SimBrief imasankha yokha, ndipo imasankha bwino, koma dziwani chifukwa chake. M'mayiko ambiri ndege yolowera chakum'mawa, kuyambira madigiri 0 mpaka 179, imatenga manambala osagawika pawiri monga FL230 kapena FL350, pamene yolowera chakumadzulo imatenga ogawika pawiri monga FL240 kapena FL360 (FL230 ndi msinkhu wa mafiti 23,000, ndipo nambala yoyang'ana ndi 23 ija). Kupita ku Amsterdam mukulowera kum'mawa, pobwerera mukulowera kumadzulo. Mayiko ena, monga New Zealand, amagawa potengera kumpoto ndi kumwera. Pa ulendo waufupi ngati uwu musadabwe kupatsidwa msinkhu wotsika, palibe nthawi yokwerera kutali n'kutsikanso.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa ulesi ongoyamba kumene kuposa china chilichonse, ndipo n'chofunika kuchimvetsa musanaganize kuti kompyuta yanu yawonongeka. Njira za mumlengalenga zimasintha. Malo odutsira ndege, aja osaoneka ndi maso okhala ndi mayina a zilembo zisanu monga REDFA, amawonjezedwa, amachotsedwa, ena amasinthidwa mayina. Dziko lonse linagwirizana kuti zosinthazi zizituluka pamodzi masiku 28 aliwonse, ndipo dongosolo limeneli ndi limene amalitcha AIRAC. Nambala ngati 2401 ikutanthauza deta yoyamba ya chaka cha 2024. Akaunti yaulere ya SimBrief imagwiritsa ntchito deta yakale, yatsopano imabwera mukamalipira Navigraph. Simulator nayo imabwera ndi deta yakeyake, ndipo ndege zina zogula padera zimakhalanso ndi yawo. Deta ziwirizi zikasiyana, mumalemba dzina la malo lomwe lili pa pepala, kompyuta ya ndege n'kuyankha kuti NOT IN DATABASE. Apa ndiye pofooka penipeni pa akaunti yaulere. Komabe sindilimbikitsa munthu kuyamba kulipira sabata yoyamba. Pa maulendo aafupi malo osowa amakhala amodzi kapena awiri, ndipo mutha kuwadumpha n'kulunjika pa malo otsatira, bola mwaona pa mapu kuti njira sinakhote modabwitsa. Mukadzaona kuti masewerawa akulowani m'magazi, makamaka mukafuna kuuluka pamodzi ndi anthu ena, kulipira kumakhala ndi phindu chifukwa deta imafanana paliponse ndipo mumapeza mapu a mabwalo.

Msewu wonyamukira ndi woterera umene uli pa pepala muziutenga ngati kulosera chabe. SimBrief imaona nyengo ya nthawi imene mwakonza ulendo n'kuganizira msewu woyenera, koma mphepo siyembekeza munthu. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo. Tsono werengani METAR, lipoti la nyengo ya pa bwalo, musanalembe kanthu mu ndege. Mukaona 27012KT, ndiye kuti mphepo ikuchokera pa madigiri 270, kumadzulo, pa liwiro la ma knot 12 (mamailosi a panyanja 12 pa ola), ndipo ku Heathrow zikatero akugwiritsa ntchito misewu yoloza kumadzulo, 27L ndi 27R. Ikatembenuka n'kumachokera kum'mawa mwamphamvu, misewu yomweyo imasanduka 09R ndi 09L. Msewu ukasintha, SID nayo imasintha, ija njira yoikika yochokera pa bwalo kukalowa m'misewu ya m'mwamba. Ku Schiphol nkhani imakula chifukwa kuli misewu isanu ndi umodzi, ndipo STAR, njira yofikira pa bwalo, iyenera kulumikizana ndi msewu umene mukaterepo. Mukapatsidwa 18R, umene amautcha Polderbaan, konzekerani kuyenda pansi nthawi yaitali, chifukwa msewu umenewu uli patali kwambiri ndi pamene anthu amatsikira.

Mukalowetsa zonse mu ndege, musafulumire kuyatsa injini. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani sikirini ya mapu pa PLAN, mudutse malo onse limodzilimodzi kuyambira ku London mpaka ku Amsterdam, maso ali pa mzere. Mzerewo uziyenda mopita kutsogolo. Mukaona wabwerera m'mbuyo kapena wapanga ngodya yakuthwa, ndiye kuti malo ena alowa kawiri, kawirikawiri pamene SID ikuthera kapena pamene STAR ikuyambira. Mudzaonanso mawu oti DISCONTINUITY, kusonyeza kuti kompyuta sikudziwa cholumikiza malo awiri. Ambiri amangofufuta paliponse pamene mawuwa aoneka. Pakati pa njira kufufuta n'koyenera, koma kumapeto kwa STAR nthawi zina mpatawo unaikidwa dala, chifukwa pamenepo woyang'anira ndege ali pansi ndi amene amakuuzani kokhotera. Mukaufufuta mosaona, ndege imatha kudula njira n'kukufikitsani pafupi ndi msewu mukadali m'mwamba kwambiri. Potsika, sungani kawerengedwe kakale aka m'mutu: mamailosi atatu pa mafiti 1,000 aliwonse. Kuchoka pa mafiti 23,000 mukufunika mamailosi pafupifupi 70, n'kuwonjezerapo ena ochepetsera liwiro. Chizindikiro choyambira kutsika chimene ndege yajambula chikasiyana kwambiri ndi nambala imeneyi, njira yanu ili ndi vuto penapake.

Nthawi zonse za pa pepala ndi za UTC, nthawi imodzi yoyendera dziko lonse, imene oyendetsa ndege amati Zulu. Ndipo SimBrief imawerengera mphepo yeniyeni ya tsikulo, choncho mu simulator namonso yatsani nyengo yeniyeni. Mukasankha thambo loyera lopanda mphepo, mafuta ndi nthawi sizidzagwirizana ndi pepala.

Zimene sindikondwera nazo zilipo. SimBrief siphunzitsa. Imakupatsani masamba ambirimbiri a zidule zachingerezi ngati kuti munaphunzira kale ntchitoyi, ndipo munthu watsopano sadziwa kuti tsamba loyamba ndi ndandanda ya malo odutsira n'zimene zili zofunika lero, zinazo zidikire. Kalembedwe ka pepala mutha kusankha pa mitundu yambiri yotengera makampani a ndege osiyanasiyana, ndipo zimenezi zimakopa, koma ine ndingati khalani pa LIDO mpaka maso azolowere pamene nambala iliyonse imakhala. Chinanso, pulogalamuyi inapangidwira maulendo odalira zida za mu ndege osati kuyang'ana kunja, a ndege zikuluzikulu. Ngati mumakonda kandege kakang'ono ngati Cessna 172, kuuluka chapansipansi mukutsata mitsinje, misewu ndi magombe, SimBrief sikuthandizani kwenikweni. Pamenepo tengani Little Navmap, pulogalamu yaulere yolembedwa ndi Alexander Barthel, imene mumaika pa kompyuta yanu. Imawerenga mabwalo ndi deta kuchokera mu simulator yanu yomweyo, imaonetsa kutalika kwa mapiri amene ali pa njira, ndipo kandege kanu mumakaona kakuyenda pa mapu. Ine ndimatsegula zonse ziwiri ngakhale pa Airbus: SimBrief ya mafuta ndi njira, Little Navmap yoonera ngati njirayo ilidi mu simulator yanga.

Tsiku lina mudzafuna kulowa pa VATSIM kapena IVAO, komwe anthu enieni amakhala oyang'anira ndege n'kumakulankhulani pa wailesi. SimBrief ili ndi batani lotumizira dongosolo la ulendo wanu kumeneko, ndipo limagwira ntchito bwino. Musanalidine, bwerezani EGLL kupita EHAM panokha mpaka muzitha kusintha msewu ndi SID mu kompyuta ya ndege mosachita kufufuza mabatani, chifukwa woyang'anira akhoza kukupatsani zosiyana ndi zimene zili pa pepala, ndipo kumbuyo kwanu kumakhala ndege zina zikudikira. Pa tsiku loyambalo sankhani bwalo laling'ono lopanda piringupiringu, ndipo m'bokosi la ndemanga lembani kuti ndinu watsopano, oyang'anira ambiri akaona zimenezo amalankhula pang'onopang'ono.