Belo la mapesi kapena thumba la dothi?

Ku America, ena osowa malo olima amabzala ndiwo zamasamba m'mabelo a mapesi a tirigu. Belo safulumira nalo: kwa masabata pafupifupi awiri amalithirira madzi ndi kuwazapo feteleza wa Urea kuti mkati mwake muyambe kuwola ndi kutentha. Likazizira m'pamene amawokerapo mbande. Kupalira kumachepa, koma belolo limamwa madzi ngati chidakwa, ndipo pakatha chaka kapena ziwiri limafumbutuka n'kusanduka manyowa.

Thumba silichedwetsa munthu: dothi, manyowa, timiyala pakati, mabowo m'mbali, mpiru mwawokera tsiku lomwelo. Limalemera, inde, ndipo dzuwa limalidya pang'onopang'ono. Komabe kwathu kuno makina omangira mabelo ndi osowa, pomwe thumba lotha feteleza silisowa pakhomo. Ine ndingasankhe thumba.