Mapaipi ndi abwino, koma timer yawo si ya madzi a mumgolo

Ndinagula seti ya mapaipi othirira mbewu mwa madontho pamodzi ndi timer yake, kachipangizo kotsegula ndi kutseka madzi kokha pa nthawi imene mwatchera, miyezi inayi yapitayo. Mtengo wake kusitolo kumene ndinagulako ndi wokwererapo kuposa kwina konse, ati chifukwa iwo samutaya kasitomala akagula. Mawu amenewo ndi amene anandikopa.

Tsiku logulalo ndinafotokoza zonse bwinobwino. Ndinamuuza mnyamata wa pakauntala kuti kadimba kanga ka kuseri kwa nyumba sindithirira ndi madzi a pampopi, koma a mumgolo wa malita 200 umene ndinaukweza pathandala la mita imodzi ndi theka. Mpaka ndinamuonetsa chithunzi pafoni. Ndinafunsa kawiri konse kuti, "Achimwene, timer imeneyi itsegula madzi a mumgolo?" Iye osayang'ana n'komwe pabokosi anangoti, "Mayi, musadandaule, imagwira paliponse." Ndinalipira, n'kunyamula katundu wanga.

Chimene ndinkafunira timer chinali ulendo wa masiku asanu ndi limodzi umene sindikanatha kuusintha, nyengo yotentha, mbande za tomato ndi tsabola nditangoziwokera kumene. Madzulo a tsiku loti mawa ndinyamuka ndinayala mapaipi, ndinaika mabatire, ndinatchera nthawi. Mgolo unali wodzaza mpaka kukamwa, ndipo timabowo ta m'mapaipi toyandikira mgolowo tinayamba kudontha pang'ono. Mtima unakhala pansi.

Pobwera ndinalunjika kuseri chikwama chili m'manja. Dothi linali gwa, mbande zitagona pansi, zina zitauma moti kuzigwira zimangofumbutuka. Pa mbande 40 za tomato zimene ndinazilera ndekha kunazale kwa milungu isanu, zinatsala 9. Nditasuzumira mumgolo, madzi anali pafupifupi pomwe ndinawasiya. Timer ikuyaka bwinobwino, ikuonetsa nthawi yolondola, koma madzi osadutsa. Ndinakhala pansi pomwepo, misozi ili m'maso.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina woyandikana naye nyumba, amene amagwira ntchito ya mipope. Anati timer ya mtundu umenewu ili ndi kampira mkati kamene kamatseguka pokhapokha madzi akakakankha ndi mphamvu, ndipo imafuna mphamvu ya madzi yokwana 0.5 bar (bar ndi muyeso wa mphamvuyo) kapena kuposa. Mita iliyonse imene mwakweza mgolo imapereka pafupifupi 0.1 bar basi. Ndiye kuti mgolo wanga unayenera kukhala m'mwamba mamita 5! Ya madzi a mumgolo ndi ina, yokhala ndi kampira kozungulira kobooka pakati kamene kamatembenuzidwa ndi kamota, ndipo imeneyo imatseguka ngakhale madzi akhale opanda mphamvu. Anatenga bokosi lija, n'kumatula kapepala ka mtengo kamene asitolo anamata. Kunsi kwake kunali timalemba tating'ono tonena za 0.5 bar yomweyo. Anamata mtengo wawo pamwamba penipeni pa chenjezo.

Nditabwerera kusitoloko, mnyamata yemwe uja anandiyang'ana ngati sanandionepo. Anati mwina ndinalumikiza molakwika. Nditamuonetsa timalemba tija anatembenuza lilime, akuti ndinayenera kuwerenga ndisanagule. Ndiwerenga bwanji pomwe mwamata? Ndinaima mphindi 40 kudikira abwana ake, iwo n'kutuluka kudzangondiuza kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Ndinapempha kuti angondisinthira ndi ya mtundu winawo, ndiwonjezera ndalama, akuti alibe ndipo sakudziwa kuti ibwera liti. Ndalama zimapita, zina zimabwera, koma chimene chikundiwawabe mpaka lero n'chakuti palibe ngakhale mmodzi amene anati pepani.

Komabe sindinganame, mapaipiwo ndi abwino kwambiri. Ndinachotsa timer ija n'kuika valavu wamba yotsegula ndi dzanja, ndinafesanso mbewu zina, ndipo tsopano m'mawa uliwonse ndimatsegula kwa theka la ola ndikukonzekera za tsikulo. Timabowo tatalikirana masentimita 30, ndipo analemba kuti kalikonse kamatulutsa malita 2 pa ola, ngakhale kuti pamgolo timatulutsa ocheperapo. Kale pothirira ndi kheni mgolo umatha tsiku limodzi, pano ukumafika masiku atatu. Madzi akugwera patsinde pokha, choncho udzu wa pakati pa mizere wachepa, masamba akukhala ouma, ndipo matenda a masamba amene ankandivutitsa sanabwere ngati kale. Chimene chandisangalatsa koposa ndi tomato. Zaka zonsezi ambiri ankaola kunsi, kukhala ndi chibanga chakuda, ine n'kumaganiza kuti ndi tizilombo. Chonsecho vuto linali kuthirira kwanga: lero madzi ochuluka, mawa dothi louma, ndiye kashiamu, mchere wa m'nthaka umene tomato amafuna, safika bwino m'chipatso. Chinyezi chitakhala chofanana tsiku ndi tsiku, ndathyola tomato wosalala amene ndimachita kumuyang'ana kawiri. Pulasitiki yake ndi yokhuthala, yakhala padzuwa miyezi yonseyi osang'ambika, ndipo molumikizira simukudontha.

Kasefa kawo kokha ndi kakang'ono, kamafuna kutsuka mlungu uliwonse. Mgolo muziuvindikira, apo ayi dzuwa likalowa mumamera ndere ndipo timabowo timatseka msanga. Ine ndimatsegulanso kumapeto kwa mapaipi kamodzi pamwezi kuti matope atuluke, ndipo timabowo totsekeka ndi zoyera zija za m'madzi ndimatinyika mu viniga usiku umodzi. Zonsezi palibe wa kusitoloko amene anandiuza.

Pa ndemanga yangayi ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za mapaipi. Amene muli ndi madzi a pampopi amphamvu, timer imeneyi mwina ikuthandizani. Amene mumadalira mgolo kapena thanki yotsika, matulani kapepala ka mtengo pomwepo pakauntala, muwerenge nokha, musamvere za pakamwa. Yanga idakali m'bokosi lake pamodzi ndi lisiti, ndipo Loweruka likubwerali ndipitanso kukaonana ndi abwana aja.