Ndemanga ya Mitchell 300 yakale: kuikonzetsa ku Limbe ndi kuwedza nayo pa Shire

Reel (kachipangizo kokulungira chingwe pa ndodo yowedzera nsomba) imene ndikuilembera ndemanga pano ndi Mitchell 300 yakale, yathupi lakuda lobulungira, yolembedwa mawu akuti Made in France, osati yatsopano ija imene ikugulitsidwa masiku ano ndi dzina lomwelo pomwe m'kati mwake ndi mosiyana kotheratu. Ndinaigula mu Limbe kwa bambo wina wogulitsa katundu wakale wochoka kunja, ili m'bokosi limodzi ndi maloko, masipanala ndi mahinjesi, ndipo mtengo wake sunasiyane kwenikweni ndi wa ma reel apulasitiki amene ali m'masitolo a m'tauni. Ndawedza nayo dzinja lonse ndi chilimwe chotsatira, makamaka pa Shire ku Chikwawa komanso m'madamu ang'onoang'ono a ku Thyolo. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imatsegulika ndi sikuludiraiva imodzi ndipo chilichonse chimene chavuta m'katimo chimaoneka ndi maso, koma munthu asaigule poganiza kuti apita nayo kumadzi tsiku lomwelo, chifukwa yakhala zaka zambiri isanaone oilo.

Reel imeneyi inayamba kupangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi kampani ya Carpano & Pons m'tauni ya Cluses, kumapiri a kum'mawa kwa France, ndipo ku America inkagulitsidwa kudzera ku kampani ya Garcia, n'chifukwa chake zambiri zimapezeka zitalembedwa kuti Garcia Mitchell. Cluses ndi tauni yodziwika kuyambira kale ndi ntchito yopanga mawotchi ndi tizitsulo tosula mwaluso, ndipo mbiri imeneyi ndi imene inandichititsa kuti ndisapite nayo kwa okonza njinga, koma kwa achikulire ena okonza mawotchi ndi makina osokera pakhonde la sitolo ina ku Limbe komweko. Anali asanatsegulepo reel yamtunduwu, koma atangoipukusa pafupi ndi khutu anati, "Bambo, m'katimu mulibe chothyoka, ndi gilizi chabe amene wauma."

Mmene anagwirira ntchito ndi gawo limene ndikuyamikira kwambiri. Anamasula masikuluwu 3 amene amagwira chivundikiro cha m'mbali, ndipo m'kati munaoneka gilizi wakale wofiirira, wouma gwa ngati chiponde chimene chaiwalika pansi pa botolo. Anayala kansalu koyera patebulo n'kumasanja chitsulo chilichonse motsatira mmene chatulukira, kuyambira kumanzere kupita kumanja. M'reel imeneyi muli magiya 8, koma chimene achikulirewo anasamala nacho koposa ndi timawashala ta mkuwa topyapyala kwambiri timene timakhala kuseri kwa giya yaikulu ndi pansi pa mutu wozungulira umene umakulunga chingwe. Timawashala timeneti ndi timene timachititsa kuti mano a magiya alumane bwino, ndipo kamodzi kokha kakatayika kapena kuikidwa pamalo olakwika, reel imayamba kukhuluza kapena kulimba popukusa. Aliyense amene akufuna kutsegula yekha kunyumba ajambule chithunzi pafoni asanachotse kanthu kalikonse. Zitsulo zonse anazitsuka ndi palafini ndi mswachi wakale, anaziumitsa padzuwa, kenako anapaka gilizi wofewa pang'ono chabe pa mano a magiya, ndi kadontho ka oilo wa makina osokera pa chitsulo chimene spool, kagudumu kosungira chingwe, imayendapo. Anandichenjeza kuti gilizi wa galimoto akachuluka reel imalemera m'manja, makamaka m'mawa wa mu June kukamazizira.

Vuto lenileni linali pa sipulingi ya kawaya kopindika kamene kamakola chingwe n'kumachikulunga. Sipulingi imeneyi ndi nthenda yodziwika ya Mitchell 300, ndipo yanga inali yothyoka kale. Muno mu Blantyre sindinaipeze paliponse. Achikulire aja anapinda ina kuchokera ku waya wolimba wa m'wotchi yapakhoma, ndipo inagwira ntchito miyezi ingapo isanayambe kufooka, mpaka kawaya kaja kanayamba kuima pakati osatsekeka. Pamenepa ndili ndi dandaulo limodzi pa ntchito yawo, lakuti tsiku limene analonjeza linasuntha kangapo ndipo foni yawo inkakhala yozima, ngakhale kuti mtengo umene anatchula unali wachifundo poyerekeza ndi nthawi imene anathera. Masipulingi enieni ndinachita kuitanitsa pa eBay, msika wa pa intaneti, kudzera kwa mlamu wanga amene amakhala ku Johannesburg, ndipo ndikulangiza kuti poitanitsa mugule angapo nthawi imodzi, popeza ndalama yotumizira imaposa mtengo wa kachitsuloko.

Kumadzi, chinthu choyamba chimene munthu amazindikira ndi mmene imayalira chingwe. Spool yake siyenda mothamanga kupita kutsogolo ndi kumbuyo. Imasuntha pang'onopang'ono mwa dongosolo la magiya ake, kotero chingwe chimagona mosalala, popanda kuunjikana mbali imodzi. Zotsatira zake n'zakuti poponya chingwe chimatuluka mosakodwa, ndipo ndi nyongolotsi ndi kamtovu kakang'ono ndimafika pamene anzanga a ma reel atsopano amafika. Spool imachoka pongodina kabatani kapatsogolo, zimene zimathandiza kwambiri ngati muli ndi ziwiri, ina ya chingwe chopyapyala cha makumba m'damu, ina ya chingwe chokhuthala cha milamba ya pa Shire.

Koma ndi yochedwa. Mukapukusa chogwirira kamodzi, mutu wake umazungulira pafupifupi kanayi, pomwe ma reel ambiri a masiku ano amazungulira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Kwa munthu wowedza ndi nyambo, amene amaponya n'kukhala pansi kudikira, kuchedwaku kulibe kanthu, ndipo kumapereka mphamvu pokoka nsomba yolemera m'madzi othamanga. Kwa wosaka nsomba za black bass ndi tinsomba tachitsulo tonyezimira, timene timafunika kukokedwa mwaliwiro kuti tisamire m'ndere, dzanja limatopa msanga, ndipo ameneyo afunefune Mitchell 410, mbale wake wothamanga wathupi labuluu.

Palinso chizolowezi china chimene chimasokoneza poyamba. Mutu wa Mitchell 300 umazungulira mbali yosiyana ndi ma reel ambiri, kotero chala cha mkombaphala chimafunika kuphunzira mwatsopano pogwira chingwe musanaponye. Pokulunga chingwe chatsopano muyeneranso kuonetsetsa mbali imene chikuchokera pa kagudumu ka kusitolo, apo ayi chimapotana n'kumadzimanga mfundo mukangoponya. Kawaya kaja sikatsekedwa ndi dzanja monga tinazolowerera, kamatsekeka pokhapokha mutapukusa chogwirira, ndipo kamagwa ndi phokoso lakuti khwa, lomveka ndithu m'mawa kuli zii.

Buleki ya chingwe, imene ambiri amaitcha drag, ili patsogolo pa spool, ndipo apa ndi pamene ukalamba wa reel ukuonekera. Pakati pa kumasuka kwambiri ndi kulimba kwambiri pali mpata wochepa. Tsiku lina kumunsi kwa mlatho wa ku Chikwawa mlamba wautali ngati mkono unatenga nyambo n'kuthamangira m'mabango, ndipo buleki inayamba yagwira, kenako n'kumasula modzidzimutsa, ndodo n'kugwedera m'manja. Chingwe sichinaduke chifukwa chinali cha nayiloni chotamuka, komabe kuyambira pamenepo ndimaisiya yomasukirapo n'kumathandizira ndi chala pamphepete pa spool, ndiponso ndimaima patali ndi madzi, poti ng'ona za kumeneko sizifuna munthu wotanganidwa ndi buleki. Mawashala a bulekiyi asamakhudzidwe ndi oilo wochuluka, ndipo pobwerera kunyumba muziimasula kuti asaphwatalale.

Za chingwe choluka chija cha braid, ine sindikuchivomereza pa reel imeneyi. Pamene chingwe chimadutsa pa kawaya kaja, pa yanga palibe kagudumu kozungulira, pali kachitsulo kolimba kongokhazikika, ndipo chingwe choluka chikanyamula mchenga wa pa Shire chimakhula malo amodzimodzi mpaka kusema kamzere, kamene pambuyo pake kamadula chingwe chilichonse. Nayiloni wamba, amene amapezeka ngakhale mumsika wa Limbe, ndi amene reel imeneyi inapangidwira.

Mnzanga wina wa ku Namiwawa ali ndi reel ya ABU Cardinal 66 yobiriwira ya ku Svängsta m'dziko la Sweden, ndipo tikaziyerekeza ndivomere kuti yake imapukusika mofewa ndiponso buleki yake yakumbuyo ndi yodalirika kuposa yanga. Komabe zipangizo za Cardinal n'zodula ndi zovuta kupeza, pomwe Mitchell 300 inapangidwa yambirimbiri kwa zaka makumi angapo, moti yowonongeka ina mukaipeza motchipa ndi bwino kuigula kuti muzichotsako zitsulo.

Kwa amene akufuna kuyamba kusonkhanitsa ma reel akalewa, penti yonyuka isakuopseni, chifukwa thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo silichita dzimbiri lofiira. Yang'anani phazi limene limakhala pa ndodo ngati lilibe mng'alu, popeza likathyoka palibe wowotcherera amene angalibwezeretse mwakale. Yendetsani chikhadabo pa kachitsulo kodutsa chingwe kuti mumve ngati pali kamzere. Tsegulani kawaya n'kupukusa, muone ngati kakutsekeka mwamphamvu. Kenako sunthani kachitsulo koletsa kubwerera m'mbuyo, mumve ngati kakulira kuti tche tche tche, ndipo dziwani kuti chogwirira chimabwererabe pang'ono chisanagwire, umu ndi mmene inapangidwira. Chogwirira cha 300 chili kumanzere ndipo sichisinthidwa mbali, choncho amene amaponya ndi dzanja lamanzere afunse Mitchell 301 asanapereke ndalama.