Lamba wa alenje okwera nsanja: wandisunga, koma kathumba kakumbuyo kandikwiyitsa

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Lambayu ndamugwiritsa ntchito nyengo ziwiri zosaka agwape kuno ku Indiana, ku America, ndipo amene ndili nayeyu ndi wachiwiri. Woyamba ndinamudula ndi mpeni n'kumutaya, atangondipulumutsa kumene.

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndipo mitengo ya mango ndi mapeyala ndayamba kukwera ndili wa kabudula wong'ambika kumatako. Ndiye alamu anga, amuna a mlongo wanga, omwe ndi mbadwa ya kuno, atandiuza kuti m'nkhalango ya pamunda wa makolo awo sindikwera mumtengo popanda lamba, ndinaseka. Ndinati, "Alamu, mukuphunzitsa pusi kukwera?" Iwo sanalimbane nane. Anangondionetsa kiyi wa galimoto n'kumubwezera m'thumba. Ndinagula monyinyirika, pamodzi ndi chingwe chachitali chimene eni ake amachitcha lifeline. Zonse ziwiri zinandidyera madola 130 ndi kanthu, ndalama yomwe mayi a kunyumba ataiwerengera m'makwacha anagwira pakamwa.

Kwa amene sanaonepo kasakidwe aka: agwape a kuno, a mchira woyera aja, fungo la munthu amalimva patali, choncho alenje ambiri amawadikirira ali m'mwamba. Amamangirira kansanja kachitsulo kumtengo, mamita 5 kapena 6 kuchokera pansi, kokhala ndi kampando ndi popondapo pongokula ngati lichero. Musaganize za nsanja yotakasuka ija yoingira anyani kumunda. Umakwerako kusanache, zala zitauma ndi kuzizira, utavala majekete awiri ndi jombo zolemera, kenako n'kukhala duu maola anayi tulo tikukunyengerera. Mango ndinkakwera masana, wopanda nsapato, thupi lili lopepuka. Pa mamita 6 munthu amafika pansi m'sekondi imodzi ndi pang'ono, pa liwiro la pafupifupi makilomita 40 pa ola, ndipo pansipo pamakhala mizu ndi zitsa.

Lambayu ndi wa thupi lonse, wosokedwa ngati vesiti. Amagwira mapewa, chiuno ndi ntchafu zonse ziwiri, ndipo chingwe chokakolera kumtengo chimatulukira kumsana, pakati pa mapewa, kuti ukagwa ulendewere mutu uli m'mwamba. Malamba akale a m'chiuno mokha, omwe bambo a alamu ankavala, ankatha kumusiya munthu chadodolido, kapena kukwera n'kukamufinya pachifuwa mpaka mpweya kubanika. Kusukulu ya alenje amawakaniratu. Sukuluyo ndinalowa chifukwa lamulo la Indiana limafuna kuti aliyense wobadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 aphunzire kaye asanagule chiphaso chosakira. Pakachikalata ka mkati mwa vesiti alembapo kuti anayesedwa motsatira miyezo ya bungwe la opanga nsanja za alenje, Treestand Manufacturers Association, ndipo amanyamula mapaundi 300, omwe ndi makilogalamu 136, kuwerengera munthu, zovala ndi katundu yense ali pathupi. Ine ndili ndi 88, malo alipo.

Kavalidwe kake ndiye kanandigwira mtima. Malamba aulere amene amabwera m'bokosi la nsanja amapiringizana ngati matumbo a nkhuku, ndipo ambiri amawasiya m'galimoto chifukwa cha zomwezo. Uyu umangolowetsa manja ngati jekete, n'kutseka zitsulo zitatu, ziwiri pantchafu, chimodzi pamimba. Mumdima ndimamuvala osayatsa tochi. Zitsulozo azikuta ndi mphira, sizilira ukamasuntha, ndipo amene anaonapo gwape akuimika makutu chifukwa cha kachitsulo kongoti ngwe adziwa phindu lake. Ine ndimamuvalira mkati mwa jekete lakunja, chingwe n'kutulukira pakolala, chifukwa ukamuvala pamwamba pa zovala zambiri malamba a pantchafu amakhwepa zovalazo zikafwaphira.

Tsiku lenilenilo linali la m'sabata yoyamba ya Novembala, nyengo imene atonde amakhala akuthamangitsa zazikazi osasamala kanthu. Usiku kunagwa chisanu. Ndinakwera makwerero bwinobwino, manja awiri ndi phazi limodzi, mapazi awiri ndi dzanja limodzi, monga amaphunzitsira. Uta ndinausiya pansi, womangidwa ku kachingwe kokokera katundu. Nditafika pamwamba ndinatambasula mwendo wamanja kuti ndiponde pansanja, osadziwa kuti chitsulocho chakutidwa ndi madzi oundana opyapyala ngati galasi. Jombo inatereera, dzanja linaphonya, ndipo ndisanati mayo ndinali lende, mlomo utang'ambika pa khungwa la mtengo.

Ndinatsika mwina theka la mita basi. Apa ndinene mosapsatira: chinandisunga si vesiti yokha, ndi chingwe chachitali chija. Chimamangidwa kumtengo pamwamba pa nsanja n'kutsika mpaka pansi, ndipo pachingwecho pali kachingwe kena kozengezedwa mfundo yotchedwa Prusik, dzina la Karl Prusik, munthu wa ku Austria wokwera mapiri amene anaitchukitsa mu 1931. Mfundoyo ukaikankha ndi dzanja imayenda, ukailemera mwadzidzidzi imaluma chingwe n'kuima nji. Umadzikolako uli pansi, n'kumaikankhira pamwamba pa mutu wako pa sitepe iliyonse. Ambiri amadzimangirira akakhala kale pampando, pomwe ngozi zochuluka zimachitika pokwera, potsika, ndi pochoka pamakwerero kupita pansanja, ndendende pamene ine ndinaterereka. Ndikanakhala ndi vesiti yokha, bwenzi chingwe chake chili m'manja mwanga, chosakoledwa paliponse, ine ndili pansi. Nanga bwanji ogulitsa sachiika m'bokosi limodzi? Munthu wogula koyamba amaona ngati wamaliza.

Tsopano dandaulo langa, lomwe ladya nyenyezi yachisanu. Kulendewera m'lamba si kupuma. Thupi lonse limatsamira pa malamba a pantchafu, omwe amakulowa m'mphechepeche n'kufinya mitsempha, magazi n'kumaunjikana kumiyendo osabwerera bwino kumtima. Bungwe la boma la America loona za chitetezo pantchito, OSHA, limachenjeza kuti munthu wolendewera chonchi akhoza kukomoka n'kufa pasanathe mphindi 30. Mankhwala ake ndi kalamba kena kamene umakola m'chiuno n'kupondapo ndi phazi, kuti uimirire, ntchafu zipume. Kalambako kalimo m'vesitiyi, inde, koma akaika m'kathumba kakumbuyo, cha pamwamba pa thako lamanzere, kotseka ndi zipi yaing'ono ngati ya kachikwama ka ndalama zachitsulo. Amene anasankha malo amenewo ndikukayika ngati analendewerapo atavala magolovesi.

Ndinapapasa, osakapeza. Ndinavula golovesi ndi mano, n'kugwera pansi. Zala zinali zitauma, zipi ikungondipulumuka, vesiti nayo itakwera m'mwamba chifukwa cha kulemera kwanga, kathumbako katasunthira pamene sindimayembekezera. Miyendo inayamba dzanzi, lija limakugwira ukakhalitsa pamphasa pamaliro, koma ili likukwera msanga, m'maso mukuyamba kuchita chizungulire. Ndinakumbukira zoti ndizipalasa miyendo ngati ndili panjinga ndi kukankha mtengo ndi mapazi, ndipo zinathandizako. Foni inali m'thumba la buluku, itapanidwa ndi lamba wa pantchafu, yosatheka kuitulutsa. Alamu anali pansanja yawo kuseri kwa munda wa chimanga, kutali koti kukuwa kukanangothamangitsa agwape. Zipi itatseguka ndinakola kalambako, n'kuponda, n'kuimirira. Magazi pobwerera m'miyendo ankabaya ngati singano. Nditapuma pang'ono ndinadzikankhira kumbali, ndinagwira makwerero, n'kutsika ndikukoka mfundo ija pang'onopang'ono, mawondo ali njenjenje.

Alamu atabwera anayang'ana mlomo wanga, anayang'ana mtengo, n'kufunsa kuti, "Alamu, pusi uja ali kuti?" Ndinalibe poyankha.

Madzulo ake tinamuyala lambayo patebulo. Chingwe chakumsana chili ndi malo opindidwa n'kusokedwa dala kuti ulusi uziduka munthu akagwa, mphamvu ya kugwako ichepe isanafike pamsana. Ulusiwo unali utaduka ndithu, kutanthauza kuti wagwira ntchito yake ndipo yatha. Malangizo amanena momveka kuti lamba amene wagwirapo munthu savalidwanso. Mtima wachimalawi unkati tisoke, akadali watsopano. Ndinamudula kuti mtimawo usandigonjetse chaka chamawa, ndiponso kuti wina asamutole kudzala. Chingwe chachitali nachonso ndinasintha. Ndipo ngakhale usanagwepo, pachikalata pali tsiku limene anapangidwa, opanga akuti zikatha zaka zisanu ugule wina, chifukwa dzuwa ndi chinyezi zimadya ulusi mwakachetechete. Onani tsikulo musanalipire. Wachiwiriyu nditamutsegula ndinapeza kuti wakhala kale m'sitolo chaka chathunthu.

China chimene lamba sangakuchitireni ndi kusankha mtengo. Kuno mitengo ya ash yambiri inauma chiimirire chifukwa cha kachirombo kotchedwa emerald ash borer, ndipo masamba akayoyoka m'nkhalango monse, wouma ndi wamoyo amafanana kwa mlendo ngati ine. Ndinatsala pang'ono kumanga nsanja pa umodzi wotero, alamu n'kundionetsa timabowo ta pakhungwa tooneka ngati chilembo D. Tsopano ndimafuna wa oak wamoyo, wowongoka, womwenso agwape amakonda mbewu zake.

Ndinagulanso mtundu womwewu chifukwa ndi wosavuta kuvala, salira, ndipo ndamuona akugwira. Koma wachiwiriyu ndisanapite naye kutchire ndinatulutsa kalamba kopondera kaja m'kathumba kake, ndinakakoleratu mbali imodzi m'chiuno, kotsalako n'kukapinda ndi mphira kutsogolo pamene dzanja la golovesi lifika. Foni ndi wenzulo zinasamukira m'thumba la pachifuwa. Kenako tinamanga chingwe pamtengo wa kuseri kwa nyumba, mapazi atatsala pang'ono kukhudza udzu, ndipo ndinadzilendeweza katatu, alamu ataima pambali ndi wotchi, mayi a kunyumba akuseka pawindo. Ulendo woyamba kuimirira pakalambako kunanditengera mphindi imodzi ndi theka. Wachitatu, masekondi 20, magolovesi ali m'manja.